Penshoni Ndi Nkhokwe: Titapemo Zingati pa Caka?

Tsiku limene ndalama za penshoni zalowa m'banki, mbiri imafika kumudzi mwini wake asanatsike basi. M'midzi ya ku Kasenengwa, kwa Madzimawe ngakhale kwa Nzamane, ambiri a ife taziona izi: mphunzitsi, namwino kapena wapolisi wapuma pa nchito ali ndi zaka 55, ndipo wabwera ndi ndalama zimene sanazigwirepo cibadwire. Acibale amene anasowa kalekale ayamba kudzaceza. Nyumba ifoleredwa malata, kagalimoto kakale kagulidwa ku Chipata, ana a mlongo alipiriridwa sukulu. Zonsezi si zoipa ai. Koma patapita zaka zitatu kapena zinai, munthu yemwe uja timampeza akutenga kaloba kuti agule matumba awiri a feteleza.

Kuyambira mu 2015, malamulo a dziko lino amalola munthu kupuma msanga pa zaka 55, kupuma pa zaka 60, kapena kupitiriza mpaka zaka 65. Wopuma pa zaka 55, Mulungu akamsunga, angakhale ndi moyo zaka zina 25 kapena 30. Ndalama zimene walandira ndiyo nkhokwe ya zaka zonsezo, ndipo sadzakololanso zina zotere. Tsono funso limene banja liyenera kudzifunsa lisanagule ngakhale lata limodzi nali: titapemo zingati pa caka kuti nkhokweyi isathe ife tikali moyo?

Anankafumbwe a ndalama

Mlimi aliyense adziwa kuti cimanga ca m'nkhokwe sicitha ndi kudya kokha. Anankafumbwe amadya usana ndi usiku, mwini wake osaona. Nazo ndalama ziri ndi anankafumbwe ake, ndiko kukwera mitengo kwa zinthu. Pepala la K100 limakhala lomwelo m'thumba, koma sopo, mcere ndi mafuta ophikira zimene lingagule zimanka zicepa.

Akuluakulu a kuno safunika kuuzidwa zimenezi. Mu 1993 mitengo m'Zambia inakwera kupitirira 180 peresenti m'caka cimodzi. Zinali zaka zomwezo pamene makampani a boma anali kugulitsidwa, Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, ndipo anthu zikwizikwi anacotsedwa nchito. Ambiri anali atasonkha kwa zaka zambiri ku Zambia National Provident Fund, thumba limene linayamba mu 1966 ndipo linali kulipira munthu kamodzi kokha popuma. Pofika tsiku lolandira, ndalama za thukuta la moyo wonse zinali zitafumbwa. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene thumbalo linalowedwa m'malo ndi NAPSA mu 2000, kuti wopuma azilandira mwezi ndi mwezi.

Anankafumbwe aja sanafe. Pa 1 January 2013 boma linacotsa maziro atatu pa kwacha, K1,000 nisanduka K1, umboni wa mmene ndalama yathu inapepukira. Pakati pa caka ca 2021 mitengo inali kukwera kupitirira 24 peresenti. Mu 2022 inatsikako mpaka pansi pa 10. Pakutha pa 2024, caka ca cilala, inali itapitiriranso 16. Abambo a Cijezuiti, kudzera m'bungwe lao la Jesuit Centre for Theological Reflection, akhala akuwerengera mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika za banja kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Nchito yaoyo imatikumbutsa kuti ndalama tiziziyesa ndi zimene zigula, osati ndi manambala olembedwa pa pepala.

Muyeso wa 4 peresenti

Funso lathu lija linavutitsanso anthu a maiko ena. Mu 1994 mlangizi wa zacuma wa ku America, William Bengen, anafufuza mbiri ya misika ya dziko lake kuyambira mu 1926. Anayerekeza munthu amene waika theka la cuma cake m'masheya a makampani, theka lina nakongoza boma. Anapeza kuti munthuyo akatapa 4 peresenti m'caka coyamba, ndiye kuti K4 pa K100 iriyonse, kenaka caka ndi caka naonjezerako molingana ndi kukwera kwa mitengo, cuma cake cikanatha kumsunga zaka 30, ngakhale akadapuma pa nyengo yoipitsitsa. Anthu ofuna kupuma akali acinyamata amatsitsa muyesowu kufika pa 3 kapena 3.5 peresenti, popeza ulendo wao ndi wautali.

Tisautenge muyesowu ngati lamulo la Mose. Unacokera ku dziko limene ndalama yake ndi yolimba, kumene mitengo siinakwerepo monga inacitira kuno mu 1993. Komabe phunziro lake ndi lathu ndithu, ndipo ndi lowawa: gawo limene munthu angadye mosaopa ndi laling'ono kwambiri kuposa mmene mtima umaganizira. Pa K300,000, gawolo ndi K12,000 pa caka, kapena K1,000 pa mwezi. Amene aona K300,000 namadziyesa wolemera, ayambe wayang'ana K1,000 imeneyo.

Kukongoza boma

Nanga ndalamazo zikhale kuti? Pansi pa mphasa zimafumbwa msanga. M'buku wamba la kubanki phindu lake kawirikawiri limacepa kuposa kukwera kwa mitengo. Njira ina imene anthu akumidzi saimva kawirikawiri ndiyo kukongoza boma pogula mabondi. Bondi ndi cikalata ca ngongole: inu mupereka ndalama, boma lilonjeza kukupatsani ciwongoladzanja kawiri pa caka, ndi kubweza ndalama zanu zonse nthawi ikakwana. Amagulitsidwa ndi Bank of Zambia, ndipo mabanki a m'tauni ya Chipata angakuthandizeni kulembetsa. Pofika mu 2024 panali mabondi a zaka 2, 3, 5, 7, 10 ndi 15, ndipo munthu wamba anali kutha kuyamba ndi K1,000. Pa ciwongoladzanjaco boma limadulapo msonkho.

M'maiko ena muli mabondi a mtundu wina, ochinjirizidwa ku kukwera kwa mitengo. Britain inayamba kuwagulitsa mu 1981, America mu 1997, South Africa mu 2000. Mmene amagwirira nchito ndi motere: mitengo ikakwera ndi 10 peresenti, ngongole imene boma liri nayo kwa inu imakulanso ndi 10 peresenti, ndipo kaciwongoladzanja kocepa kamawerengedwa pamwamba pake. Ziri ngati kubwereketsa mnansi matumba khumi a cimanga, mutapangana kuti adzabweza matumba khumi omwewo ndi kathini pamwamba, kaya cimanga cidule motani. Mwini bondi yotere angadye phindu lonse mtima uli m'malo, popeza mbeu yake yasungika.

Mabondi amene boma lathu lakhala likugulitsa mwa nthawi zonse sali otero. Ciwongoladzanja cake cimakhazikika pa tsiku logula, ndipo ndalama zimene mudzabwezeredwa ndi nambala yomwe ija munapereka. Conco nchito imene bondi ya ku Britain imamcitira mwini wake, ife tiyenera kudzicitira tokha ndi pensulo.

Tiwerengere pamodzi

Tiyerekeze kuti aphunzitsi ena opuma aika K300,000 m'mabondi, ndipo atadula msonkho alandira 18 peresenti pa caka, ndiyo K54,000. Tiyerekezenso kuti caka cimeneco mitengo yakwera ndi 14 peresenti. Manambalawa ndi ongophunzirira. Anu mudzawafunse kubanki.

Aphunzitsiwo akadya K54,000 yonse, adzaona ngati zinthu ziri bwino, pakuti K300,000 ikalipo. Koma mitengo ikamakwera ndi 14 peresenti caka ndi caka, pakutha pa zaka zisanu ndalamazo zidzagula pafupifupi theka la zimene zigula lero. Pakutha pa zaka khumi zidzagula gawo limodzi mwa magawo anai, kuonjezapo pang'ono. Apo nkuti aphunzitsi ali ndi zaka 65, mphamvu zolima zacepa, ndipo ulendo wa kucipatala wayamba kucuruka.

Njira yanzeru ndi iyi. Pa K54,000 ija, K42,000 si phindu konse. Ndi yongobwezera zimene anankafumbwe adya. Imeneyo ibwerere m'nkhokwe, igule bondi ina. Yotsala, K12,000, ndiyo ya pa mbale. Lamulo lake nlosavuta kulikumbukira: pa ciwongoladzanja cimene mwalandira, cotsani kukwera kwa mitengo kwa caka cimeneco, cotsalaco ndico canu. Caka cimene mitengo yathamanga kuposa ciwongoladzanja, mangani lamba. Munthu akafika zaka za m'ma 70 angayambe kutapako pang'onopang'ono ku mbeu yeniyeniyo, pakuti ndalamazo anazisungira ukalamba womwewo. Coopsa ndi kuyamba kudya mbeu pa zaka 55.

Musaikenso zonse m'bondi imodzi ya zaka 15. Mukaifuna ndalamayo nthawi isanakwane, mudzaigulitsa pa mtengo umene wogula afuna, mwina moluza. Ndi bwino kugawa: zina za zaka ziwiri, zina zisanu, zina khumi, kuti nthawi ndi nthawi pazikhala zina zimene zakhwima. Ndalama zokwanira miyezi ingapo zikhale pafupi, zodikira matenda ndi maliro, pakuti cakudza siciimba ng'oma.

Ndipo tinene zoona: palibe nkhokwe imene mbala singaboole. Banki ya Meridien BIAO inagwa mu 1995 anthu ali ndi ndalama zao m'katimo. Mu November 2020 dziko lathu linalephera kulipira ngongole yake ina yakunja, ngakhale kuti eni mabondi a kwacha anapitiriza kulandira zao. Ku Ghana, mu 2023, okalamba opuma pa nchito anacita kukaima pa khomo la unduna wa zacuma kuti mabondi ao asakhudzidwe pamene boma linali kusintha mapangano a ngongole zake. Tsono ngati boma lenilenilo lingapunthwe, nanga mnyamata wa pa foni amene akulonjeza kuti K5,000 yanu idzabala K10,000 pa mwezi umodzi? Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Cuma cimene cimakwera ndi mitengo

Ngakhale tiribe bondi yochinjirizidwa ija, tiri ndi zina zofanana nayo. Coyamba ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi ya NAPSA. Amene wasonkha miyezi 180 amalandira moyo wake wonse, ndipo ndalamayo imaonjezedwa caka ndi caka potsata mmene malipiro a anchito m'dziko akwerera. Cinthu cotere munthu wamba sangacigule pa msika uliwonse. Mu April 2023 lamulo linasintha kuti membala amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, atengeko 20 peresenti ya zosonkha zake asanapume. Ambiri anathandizika nazo. Koma dziwani kuti cimene mwatenga lero cidzacepetsa penshoni ya mawa. Kutengako kuti mumalize nyumba kapena kulipira ngongole yoluma nkomveka. Kutengako cifukwa anzanu atenga ndiko kusinthanitsa ng'ombe ya mkaka ndi nyama ya tsiku limodzi. Cimodzimodzinso anchito a boma akale a ku Public Service Pensions Fund: polandira gawo lalikulu kamodzi, aganizire bwino kacigawo ka pa mwezi kamene kadzatsale.

Caciwiri ciri pakhomo pathu pomwe. Munda wodyetsa banja umacotsa unga pa mndandanda wa zogula, ndipo mtengo wa unga ukakwera, wolima cake sagwedezeka. Nshawa, soya ndi mpendadzuwa zimakwera mtengo pamodzi ndi zinthu zina. Makolo athu Acingoni anasunga cuma cao m'khola, ndipo sanalakwe: ng'ombe imaswana, imalima, imakoka ngolo. Koma nazo ziri ndi tsoka lake. Cigodola cingathe kupulula khola m'mwezi umodzi ngati ng'ombe sizisambitsidwa m'dibi, ndipo cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, cinaonetsa kuti munda nawo ungakane. Ncifukwa cake miyendo itatu iposa umodzi: penshoni ya pa mwezi, mabondi, ndi munda pamodzi ndi ziweto. Mafuwa awiri sagwira mphika.

Nkhani ya banja lonse

Ena adzati: kodi kuwerengera kotere si kusakhulupirira Mulungu amene amadyetsa mbalame? Kumbukirani Yosefe ku Ejipito. Pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu analangiza Farao kusunga gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo pa zaka za njala anadyetsa mitundu ya anthu, ndi abale ake omwe amene anamgulitsa. Kusunga kwake ndiko kunampatsa mphamvu yothandiza ena.

Nafenso tisasunge cifukwa ca umbombo. Acibale adzabwera ndithu, ndipo ena adzabwera ndi mavuto enieni. Wopuma pa nchito apatule gawo la kuthandiza abale ndi la mtulo wa Mpingo kucokera pa ndalama za pa mbale zija, nanene poyera kuti malire ndi awa. Amene agawa nkhokwe yonse caka coyamba adzakhala mtolo pa ana ake zaka makumi awiri. Amene agawa pang'onopang'ono adzathandiza adzukulu amene sanabadwe nkomwe.

Koposa zonse, ndalama izi si za bambo yekha. Amai amene anaphika, kulima ndi kulera ana zaka zonse zimene bambo anali pa nchito ali ndi mau pa ndalamazi, monganso bambo ali ndi mau pa penshoni ya amai. Khalani pansi awiri, pensulo ndi kope m'manja, ndalama zisanatuluke m'banki. Mnzanu wa mu ukwati adziwe kumene kuli mapepala onse, ndipo lembani wilo, kuti wotsalayo asadzalire pawiri. Nkhaniyi ikambidwenso m'miphakati yathu, makamaka pakati pa amene atsala zaka zocepa kuti apume.

Kalata ya penshoni ikafika, musathamange. Lolani mwezi umodzi kapena iwiri ipite musanagule kanthu kakakulu. Funsani kubanki ciwongoladzanja ca mabondi ndi msonkho wake, mvetserani pa wailesi mmene mitengo yakwerera, cotsani cina pa cinzace, ndipo nambala imene yatsalayo muilembe pa cikuto ca kope lanu. Imeneyo ndiyo muyeso wa nsengwa yotapira m'nkhokwe yanu caka cimeneco.