Viniga Amachokera Kuti, Ndipo Malo Ake M'nyumba Mwathu Ndi Ati?

Ku Zanzibar amayi akhala akulima ndere za m'nyanja yamchere kuyambira mu 1989. Amazimangirira pa zingwe m'madzi osaya, akakolola n'kuziyanika padzuwa. Akatswiri a sayansi m'mayiko ena akuyesa kutenga shuga wa m'ndere za m'nyanja n'kumusasitsa kuti apeze asidi wotchedwa acetic acid. Uyu ndi asidi yemwe amapatsa viniga kuwawasa, ndipo amafunikanso m'mafakitale a utoto, nsalu ndi mankhwala.

Kuno ku Malemia nyanja yamchere tilibe. Ndere za m'madamu a nsomba ku Domasi ndi zamtundu wina, ndipo zina mwa izo zimatulutsa poizoni, choncho si zoyesera. Chomwe tili nacho chochuluka ndi mango ndi nthochi. Mu Disembala mango amangowolera pansi pa mitengo, ndipo pamsika wa Songani mtengo wake umagwa. N'chifukwa chake ena amafunsa ngati zipatsozi sitingazisandutse viniga.

Kaya ndi ndere, nthochi kapena mango, njira yake ndi imodzi ndipo ili ndi magawo awiri. Poyamba yisiti amadya shuga n'kumusandutsa mowa. Kenako tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Acetobacter timasandutsa mowawo kukhala asidi, koma timafuna mpweya wambiri komanso milungu ingapo. Louis Pasteur wa ku France ndiye anasonyeza m'zaka za m'ma 1860 kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi zamoyo. Viniga wa m'sitolo amakhala ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse.

Apa ndi pomwe banja la Chiadventisti liyenera kusamala. Palibe njira yopangira viniga panyumba yolambalala gawo la mowa. Chidebe chikatsekedwa kwambiri kapena chikatsegulidwa nthawi isanakwane, chomwe chili m'katimo ndi chakumwa choledzeretsa, chotsekemera moti mwana angathe kuchimwa osadziwa. Timaziona ndi thobwa: wa lero ndi chakudya, koma akagonera masiku amayamba kuluma.

Nanga viniga wogula? Uphungu wa zaumoyo wa Ellen G. White, monga wa m'buku la Counsels on Diet and Foods, umatichenjeza za viniga ndi zakudya zonyikidwa m'menemo chifukwa zimavutitsa m'mimba. Pa ndiwo zamasamba, saladi ndi nyemba, madzi a mandimu amakwanira, ndipo vitamini C wa m'mandimu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba monga bonongwe ndi nkhwani.

Ntchito ya viniga ikhale yotsuka. Amachotsa zoyera zomata m'ketulo, amawalitsa magalasi a mawindo, ndipo amachepetsa fungo m'zidebe. Koma tikumbukire zinthu ziwiri. Tisamusakanize ndi Jik kapena mankhwala alionse a klorini, chifukwa pamatuluka mpweya wowononga mapapo. Komanso viniga sateteza madzi akumwa ku kolera. Madzi tiziwiritsa kapena kuthiramo klorini motsatira malangizo a alangizi a zaumoyo.

Mango otsala aja tingawasende, kuwadula tizidutswa topyapyala n'kuwayanika pathandala laukhondo, titaphimba ndi kansalu kotchinga ntchentche. Akauma bwino n'kusungidwa m'botolo lotseka, ana adzakhala ndi chotafuna mango atatha m'mitengo.