UKWATI WAUNG'ONO SULAKWA, KOMA ANKHOSWE ASASIYIDWE

Makolo ambiri a ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke ali kulandira uthenga wodabwitsa kucokera kwa ana ao amene akhala m'makomboni a mu Lusaka. Mwana anena pa lamya kuti wapeza mbeta, koma safuna phwando lalikulu. Afuna kukalembetsa ukwati ku Boma, ndipo pambuyo pace apite ndi abale owerengeka kukadya ndi kujambulitsa zithunzi ku munda wa maluwa. Makolo ena pakumva izi mtima uwawa, poganiza kuti mwana wao afuna kuthawitsa mwana wa eni. Koma ukwati waung'ono ndi kuthawitsana ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kwace kuli pa ankhoswe.

Cimene cicititsa ana kuopa phwando ndi ndalama. Ku Kanyama, Chawama, George kapena Mtendere ukwati uli ndi makwerero ambiri. Pali malowolo, pali cilanga mulilo, pali phwando la amai lopereka ziwiya za m'khichini, ndipo potsiriza pali tsiku lenileni lofuna holo, magalimoto, zobvala za operekeza, oyimba ndi cakudya ca khamu la anthu. Mnyamata wogulitsa pa msika wa Soweto, kapena woyendetsa minibasi, sangakwanitse zonsezi ndi thumba lace. Ena athamangira ku kaloba, ndipo banja liyamba ndi ngongole imene ikula mwezi ndi mwezi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Alendo adya nabalalika, koma wokongoza ndalama afika m'mawa mwace kudzanyamula mipando.

KUOPSA KWA KUTHAWITSANA

Pothawa bvuto limeneli, ena agwera m'dzenje lina. Mnyamata angotenga mtsikana usiku nakayamba kukhala naye m'kacipinda ka lendi, makolo osadziwa. Pa mwambo wa Acewa, Ansenga ndi Angoni, umenewo suli ukwati. Makolo a mtsikana ali ndi mphamvu yokasuma mlandu ku khoti laling'ono loweruza za miyambo, ndipo mnyamata akapezeka wolakwa alipira. Ndalama imene anaiopa aitaya ndithu, pamodzi ndi ulemu.

Wobvutika koposa ndi mkazi. Pakabuka ndeu m'nyumba palibe nkhoswe woti akhale pakati. Mwamuna akamwalira, abale ace angathe kunena kuti mkaziyo samdziwa. Akamwalira mkazi, kawirikawiri abale ace akana kuika maliro kufikira mwamuna atalipira mlandu. Zonsezi zipewedwa ngati amalume a mbali ziwiri anakhala pansi ndi kumvana poyamba.

ZIMENE LAMULO LIFUNA

Ofuna ukwati wa Boma mu Lusaka apita ku ofesi ya mlembi wa maukwati ku Civic Centre, pa mseu wa Independence Avenue, atatenga mareji ao. Kumeneko apereka cidziwitso, ndipo maina ao akhomedwa poyera masiku 21 kuti amene ali ndi cifukwa coletsa ukwatiwo aonekere. Mmodzi wa awiriwo ayenera kukhala atakhala m'boma limenelo masiku osacepera 15. Ukwati uyenera kucitika miyezi itatu isanathe kuyambira tsiku la cidziwitso, apo ai ayambiranso. Pa tsikulo pafunika mboni ziwiri, ndipo zitseko zikhala zotsegula. Wosakwana zaka 21 ayenera kubwera ndi cilolezo colembedwa ca kholo lace. Kuyambira m'caka ca 2023, pamene lamulo la maukwati linakonzedwanso, ukwati uliwonse wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosabvomerezeka, ngakhale ukhale wa mwambo.

Makolo adziwenso kuti wokwatira ku Boma sangatenge mkazi waciwiri, ndipo ukwati wotere uthetsedwa ndi Khoti Lalikulu lokha. Cinanso ndi ici: lamulo lidziwa ofesi ya mlembi ndi chalichi cololedwa ndi Boma. Kumanga ukwati pa malo ena, monga pansi pa mtengo m'paki, kufuna cilolezo capadera. Ndico cifukwa cace ambiri amanga ukwati m'mawa ku Civic Centre kapena ku chalichi, ndipo ku munda wa maluwa apita masana kukasangalala cabe.

KU MUNDA WANGA

Malo odziwika bwino pa zimenezi ndi Munda Wanga ku Chilanga, pa mseu wa ku Kafue, makilomita pafupifupi 16 kum'mwera kwa Lusaka. Munda umenewu anauyamba ndi Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, ndipo uli ndi mitengo yaitali ya mthunzi, udzu wochetcha bwino ndi maluwa a mitundu yambiri. Malo ena ndi Lusaka National Park, kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda, imene inatsegulidwa m'caka ca 2015, kumene alendo aona mbidzi, nyamalikiti ndi mphoyo.

Malo awa ndi a anthu onse, motero banja lanzeru lituma munthu masabata angapo tsiku lisanafike kukaonana ndi oyang'anira. Afunse mtengo wa pacipata wa munthu mmodzi, ngati alola kubwera ndi cakudya cophika kunyumba, ndi nthawi imene atseka. Nyengo yabwino ndi kuyambira mwezi wa May kufikira August, pamene kulibe mvula ndipo dzuwa silitentha. M'dzinja miseu ya ku Kanyama idzala madzi, ndipo mkwatibwi angafike ndi diresi lamatope. Minibasi imodzi yobwereka inyamula anthu onse: makolo a mbali ziwiri, ankhoswe, alangizi ndi mboni. Mphika wa mpunga, nkhuku zingapo ndi cigubu ca munkoyo zikwanira. Zinyalala atole okha pocoka.

Ndalama yoyamba kuika padera ikhale ya basi ya makolo ocokera kumudzi. Ngati agogo alephera ulendo wautali wa pa mseu wa Great East Road, akwati apite okha kumudzi pambuyo pace kukaonekera ndi kulandira malangizo.

Makolo akumidzi asafulumire kukwiya mwana akanena za ukwati waung'ono. Afunse zinthu zitatu: kodi amalume adziwa, kodi ankhoswe akumana, kodi ukwati udzalembedwa? Ngati zonsezi zilipo, mwanayo sanalakwe, ngakhale oitanidwa akhale khumi ndi awiri okha. Ndalama imene ikanathera ku holo igule malata kapena feteleza wa kumudzi.