Wachitatu mu Ambulansi: Mmene Ophunzira Amazolowerera Ntchito ku New Zealand

Ku New Zealand, munthu akaimba nambala ya 111 kupempha ambulansi, galimoto imene imafika imakhala ya bungwe la Hato Hone St John, lomwe limatumikira anthu pafupifupi 90 mwa 100 alionse m'dzikomo, kapena ya Wellington Free Ambulance, yomwe inakhazikitsidwa mu 1927 ndipo imathandiza anthu a ku Wellington ndi Wairarapa. Kawirikawiri m'galimotomo mumatuluka anthu awiri, koma masiku ena mumatuluka atatu, ndipo wachitatuyo amakhala wophunzira amene akugwira ntchito moyang'aniridwa ndi paramediki, yemwe ndi katswiri woyeza ndi kuthandiza wodwala kapena wovulala asanafike naye kuchipatala.

Ambiri mwa ophunzirawa amachokera ku Auckland University of Technology kapena ku Whitireia, kumene maphunziro a digiri amatenga zaka zitatu, ndipo mbali ina ya nthawiyo amaithera pamsewu. Kuyambira mu 2020, ntchito ya paramediki inalowa m'gulu la ntchito zachipatala zoyendetsedwa ndi lamulo la mu 2003, kotero kuti womaliza maphunziro amayenera kulembedwa m'kaundula wa bungwe la Te Kaunihera Manapou asanayambe kudziwika monga paramediki.

Phindu lotumiza wophunzira pamsewu adakali woyamba limaoneka tikaganizira zimene kalasi singathe kuphunzitsa. Chidole chophunzirirapo kutsitsimutsa mtima sichikana thandizo, sichisanza, ndiponso chilibe abale amene akulira pambali, pamene wodwala weniweni amapezeka m'bafa yothina kapena m'chipinda chapamwamba kumene machira sangafike. Wophunzira amene ankayembekezera ngozi zoopsa tsiku lililonse amapeza kuti ambiri oitana ndi okalamba amene agwa usiku, anthu obanika, omva kupweteka pachifuwa ndi ovutika maganizo. Poyamba amanyamula chikwama, kuyeza kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mpweya wa m'magazi, ndi kumata timawaya ta makina ojambula kagundidwe ka mtima. Akazolowera amaloledwa kufunsa yekha mbiri ya matenda, kenako kufotokozera anamwino za wodwalayo pomupereka kuchipatala. Chovuta kwambiri kuphunzira, chimene chimalowa m'mutu poonerera wodziwa, ndi kuzindikira amene ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala ndi amene angasiyidwe kunyumba atalangizidwa bwino. N'chifukwa chake mphindi zochepa zimene paramediki amakambirana ndi wophunzira m'galimoto, atapereka wodwala, n'zamtengo wapatali, makamaka tsiku limene wophunzirayo waona imfa koyamba.

Palinso njira ina yolowera ntchitoyi. Mu 2017 boma linalengeza kuti lipereka madola a New Zealand okwana 59.2 miliyoni pa zaka zinayi kuti ambulansi zileke kuyenda ndi wogwira ntchito mmodzi, zimene zinkachitika makamaka kumidzi, kumene munthu yemweyo ankayendetsa galimoto wodwala ali yekha kumbuyo. Izi zinabweretsa othandizira ophunzitsidwa kwa nthawi yochepa, amene amayendetsa, kunyamula ndi kukonza zipangizo, ndipo ena amapitiriza maphunziro ali pantchito.

Apa m'pofunika kusiyanitsa bwino. Wophunzira amene ndi wachitatu ali ndi mpata woima, kufunsa ndi kuwongoleredwa wodwala asanapwetekeke, koma amene akuwerengedwa monga wachiwiri ali ndi udindo wake umene sungadikire kuti amvetse kaye. Bungwe lililonse likayamba kutseka mipata ya antchito ndi ophunzira, maphunziro amalowa pansi ndipo wodwala amakhala pachiopsezo. Paramediki nayenso, amene amagwira shifiti ya maola 12, nthawi zina usiku, amasenza katundu wowirikiza posamalira wodwala kwinaku akuyang'ana manja a wophunzira, choncho ayenera kuphunzitsidwa kaphunzitsidwe ndi kupatsidwa nthawi yolemba bwino za mmene wophunzirayo akuchitira.