Makina odetsa khungu: chikomekome cha mkuyu

Pomwe amayi ena kuno kumudzi akulimbana ndi mafuta oyeretsa khungu, anzawo achizungu kumaiko a ku Ulaya, America ndi Australia amalipira ndalama kuti khungu lawo lioneke loderako. Kwa iwo khungu lopsa ndi dzuwa ndiye kutchena, chizindikiro choti munthu wangochoka kutchuthi kunyanja.

Poti dzuwa kumeneko limasowa nthawi yachisanu, kudabwera makina ooneka ngati bedi lokhala ndi chivundikiro, omwe pa Chingerezi amati sunbed. Munthu amagona m'katimo kwa mphindi zingapo ndipo nyali zake zimamuthira kuwala kwa mtundu wa UV, komwe kumapezekanso m'dzuwa.

Komatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kudera kwa khunguko ndi chizindikiro choti lavulala. Kuwala kwa UV kumaononga tizigawo ta m'kati mwa maselo a khungu, ndipo thupi podziteteza limapanga mtundu wakuda wotchedwa melanin. Kuonongekako kukamachitika mobwerezabwereza, maselo ena amayamba kukula mosalongosoka mpaka kusanduka khansa. Yoopsa kwambiri ndi ya melanoma, yomwe imatha kufalikira kumapapo, kuchiwindi ngakhale kuubongo.

Nkhani ya Clare Oliver, mtsikana wa mumzinda wa Melbourne ku Australia, ndiyo idatsegula maso anthu ambiri. Iye adagwiritsapo ntchito makinawa ndipo pambuyo pake adapezeka ndi melanoma. Ali gone m'chipatala, adayankhula ndi atolankhani kuchenjeza atsikana anzake kuti asatengeke ndi kukongola kwa masiku ochepa. Adamwalira mu Sepitembala 2007 ali ndi zaka 26 zokha.

M'chaka cha 2009, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO idaika makinawa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, limodzi ndi fodya. Kafukufuku yemwe nthambiyi idaunika adaonetsa kuti woyamba kugona m'makinawa asadakwane zaka 30, chiopsezo chake chodwala melanoma chimakwera ndi 75 peresenti.

Apa mpomwe maboma ambiri adadzidzimuka. Chaka chomwecho dziko la Brazil lidaletseratu kugwiritsa ntchito makinawa pofuna kukongola. Ku England ndi Wales lamulo loletsa ana osakwana zaka 18 lidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2011, ndipo wolakwa ndi mwini malo amene walola mwana kulowa. Ku America, chigawo cha California ndicho chidayamba kukhazikitsa chiletso chotere mu Januwale 2012. Nako ku Australia, kwawo kwa Clare, zigawo zambiri zidatseka malo onse ochitira bizinesiyi kuyambira mu Januwale 2015.

Chifukwa chiyani malamulowa akulunjika kwambiri pa achinyamata? Madotolo amati kuonongeka kwa khungu kumaunjikana pang'onopang'ono, choncho woyamba ali wamng'ono amakhala ndi zaka zambiri zoti vutolo likule. Komanso khansa siionekera pompopompo; mtsikana wa zaka 16 wokonzekera dansi ya kusukulu saganiza za nthenda yomwe ingadzamupeze ali mayi wa ana.

Eni mabizinesi ena amatsutsa ponena kuti makinawa amathandiza thupi kupeza vitamini D. Koma akatswiri a khungu amayankha kuti vitaminiyu amapezeka m'zakudya monga nsomba ndi mazira, kotero palibe chifukwa choika moyo pachiswe.

Kuno kwathu makinawa ndi achilendo, koma kuwala kwa UV ndi komweko komwe kukuzunza abale athu achialubino, omwe khungu lawo lilibe melanin wokwanira wowateteza. Kwa iwo chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Ndipo aliyense, kaya ndi wakuda kaya woyera, akaona kadontho pakhungu kakusintha mtundu, kukula kapena kutuluka magazi, athamangire kuchipatala matenda asadakule.