KODI CUMA CA MUDZI WONSE CIRIBE MWINI?

Dambo lodyetsamo ng'ombe, thengo la nkhuni ndi dziwe la nsomba ndi cuma ca anthu onse. Kodi n'zoona kuti zinthu zotere zimatha msanga cifukwa ziribe mwini mmodzi?

M'caka ca 1968 mphunzitsi wina wa ku America, Bambo Garrett Hardin, analemba kuti n'zoonadi. Iwo anati munthu aliyense amafuna kuonjezera ziweto zake pa busa la onse, pakuti phindu ndi lake yekha, pamene kutha kwa msipu kumagwera mudzi wonse. Mankhwala ake, iwo anatero, ndiwo kugawira anthu malowo kapena kuwapereka m'manja mwa Boma.

Mai Elinor Ostrom, a ku America komweko, sanakhutire nawo mau amenewa. Anafufuza mbiri za midzi yeniyeni, ndipo mu 1990 anaturutsa buku lochedwa Governing the Commons.

M'bukumo muli nkhani ya mudzi wa Törbel, m'mapiri a ku Switzerland. Mu 1483 eni mudzi analemba pangano losungira pamodzi busa ndi nkhalango zao. Mu 1517 anaika lamulo lakuti munthu asatumize ku busa ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'khola pa nyengo ya cisanu, pamene msipu kulibe. Taonani nzeru yake! Ng'ombe za m'khola sizibisika, mnansi amaziwerenga. Wophwanya lamulo ankalipira, ndipo kapitao womgwira ankatenga theka la ndalamazo, motero sankaodzera pa nchito. Busa limenelo linakhalitsa zaka mazanamazana osaguga.

Ku Valencia, m'dziko la Spain, alimi othirira minda amasankha okha oweruza milandu ya madzi. Bwalo lao limakhala Lacinai masana pakhomo pa chalichi cacikuru ca mumzindamo, ndipo mlandu umazengedwa pakamwa, msangamsanga.

Mai Ostrom sanabise kuti kwina zinthu zinalephereka. Koma kumene zinayenda bwino anapeza kuti malire anali odziwika, malamulo anapangidwa ndi eni ake, ndipo cilango cinali kuyamba pang'ono, n'kumakula munthu akabwereza. Apa ndipo ife tiona kuti Bambo Hardin anaphonya: busa lao linali la anthu osakambirana, ngati mudzi wopanda bwalo kapena nyakwawa.

Mu 2009 maiwa analandira mphoto ya Nobel pa maphunziro a zacuma, ndipo ndiwo anali mkazi woyamba kuilandira. Anamwalira mu 2012.