Zomwe Sizilowa M'buku la Msungichuma

Lamulungu lililonse mapemphero achiwiri akatha, anthu akamathamangira maminibasi, ine ndi anzanga awiri timatsalira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Timakhuthulira mbale ndi madengu pa tebulo, mmodzi n'kupemphera mwachidule, kenaka timayamba kuwongola ndalama. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi zitatu pa mpingo wathu kuno ku Blantyre, ndipo ndikuuzeni, ndalama imabwera ndi fungo la ntchito ya mwini wake. Pali K200 yopindidwa kanayi, nkhope ya Rose Chibambo itafufuta, yonunkha usipa. Pali ina yakuda ndi makala, ina yonona mafuta a mandasi. Zimenezi zachoka pa mfundo ya chitenje. Ndiye pali K5,000 yosalala, yongotuluka kumene m'makina a banki mu Victoria Avenue, itagona bwinobwino mu envulopu yolembedwa dzina.

Tikamaliza kusanja, mulu wautali umakhala wa timapepala tonunkha usipa tija.

Amene sapita kutchalitchi kawirikawiri amasokonezeka ndi kuchuluka kwa mayina a zopereka. Pali chopereka cha Lamulungu, chomwe munthu amangoponya m'mbale popanda womulemba. Pali chakhumi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe wapeza. Pali lonjezo, lomwe ambiri amangoti puleji: Mkhristu amanena yekha kumayambiriro kwa chaka kuti azipereka zingati pa mwezi, ndipo timazilemba pa khadi lake. Anzathu a Chikatolika, monga opemphera ku Limbe Cathedral, ali ndi mtulo, ndipo zambiri zimayendera m'miphakati yawo. Ndiye pali masika, chopereka choyamika pa zokolola. Masika ngakhale m'tauni sanafe. Amene ali ndi kamunda ku Chileka, ku Lunzu kapena kumudzi ku Chiradzulu amabwera ndi thumba la chimanga pa kabaza, wina nkhuku yomanga miyendo, wina mzimbe, ndipo amene munda wake ndi ofesi amabwera ndi envulopu. Pakakhala chitukuko, monga denga kapena nyumba ya abusa, timakonza Paper Sunday, tsiku loti m'mbale musamveke kulira kwa chitsulo. Masiku ano ena amangotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba ali pa benchi pomwepo.

Ndalamazo sizikhalitsa m'manja mwathu. Gawo limapita ku likulu la mpingo, gawo kwa abusa, kenaka magetsi, madzi, mlonda, ndi thumba la chifundo lomwe limagula ufa ndi nkhuni pa maliro.

Sizinali chonchi kuyambira kale. Mukadzadutsa pa HHI mudzaime pang'ono muyang'ane tchalitchi cha St Michael and All Angels. Mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876, ndipo tchalitchi chimenechi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba. Njerwa zake, zamitundumitundu, zinaumbidwa ndi kuwotchedwa konkuno, ndipo amene anaponda dothi, kusenza ndi kumanga anali makolo athu. Dzina la Scott timalidziwa tonse. Mayina a omwe anaponda dothi aja satchulidwa pa zikondwerero. Masiku amenewo chuma choyendetsera mishoni, sukulu ndi chipatala chinkachokera kwambiri ku Scotland, mwakuti ena mwa agogo athu anakula akudziwa kuti mishoni ndi malo okalandirako. Koma Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha atadzozedwa ubusa mu 1911, ndipo pambuyo pake Jonathan Sangaya atakhala mlembi wamkulu wa Sinodi ya Blantyre mu 1962, mpingo unasanduka wathu, pamodzi ndi katundu wake. Denga likadontha lero palibe kalata yopita ku Edinburgh. Timayang'anana tokhatokha.

Nkhani yovuta ndi ya chakhumi, ndipo ndimafunsidwa pafupifupi mwezi uliwonse. Wa pa ntchito amati, "Kodi ndichotse pa malipiro onse, kapena pa zotsala boma likadula msonkho?" Funso lake n'lopepuka. Lolemera ndi la mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, amene madzulo ali ndi K30,000 m'chikwama koma K26,000 ndi mpamba wokapikulira mawa. Nanga mnyamata wa kabaza amene njinga si yake? Ine ndimawauza kuti awerengere pa phindu, asadye mpamba m'dzina la Mulungu, chifukwa geni ikagwa ana agona ndi njala ndipo mpingo womwewo udzafunika kuwathandiza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaona ndi maso anga anthu okhulupirika akuchepetsa puleji, ena akubwera kudzapepesa ngati aba. Sanabe kanthu. Sopo, shuga ndi lendi ndizo zinawadyera.

Ndimakhulupirira chakhumi ndipo ndimapereka. Chimandithandiza kukumbukira kuti malipiro anga si mbuye wanga. Koma mtima umandiwawa ndikamva Malaki chaputala 3 akuwerengedwa ngati chikwapu, pomwe 2 Akorinto chaputala 9, pamene Paulo akuphunzitsa kuti munthu apereke monga watsimikizira mumtima mwake osati mokakamizidwa, sawerengedwa konse. Umandiwawa koposa ndi chiphunzitso cha kubzala mbewu, choti ukapereka zakutizakuti Mulungu akubwezera galimoto kapena ulendo wa ku Joni. Ndikudziwa banja lomwe linatenga katapila kuti likabzale mbewu yotereyi, ndipo linataya firiji ndi mipando. Mulungu sali ngati banki mkhonde. Ndiponso mwambo wowerenga mayina ndi ziwerengero pa chinkuzamawu, m'manja mukuwombedwa mokweza kwa wa K100,000 ndi mwaulesi kwa wa K500, umapangitsa osauka kujomba tsiku la Paper Sunday. Yesu uja anakhala moyang'anana ndi mosungira zopereka, pa Marko chaputala 12, anaona mkazi wamasiye wa timakobiri tiwiri amene ife tikanamudumpha pa mndandanda.

Ndipo amene amalandira ali ndi ngongole kwa opereka. Ngati mayi wa usipa wapereka K200 yake, ayenera kumva pamsonkhano wa mpingo kuti inagula chiyani. Buku lobisika limapha mtima wopereka msanga kuposa umphawi.

Tsopano ndinene cholakwa changa. Pa mpingo pathu pali mayi wina wachikulire, wamasiye, wa Mvano, amene khadi lake linakhala miyezi isanu ndi iwiri lopanda cholembedwa. Tsiku lina m'komiti ndinakweza khadilo n'kunena kuti, "Anthu ngati awa ndi amene akubweza mpingo m'mbuyo." Ena anagwedeza mitu kuvomereza.

Patapita milungu itatu apongozi anga anagonekedwa ku chipatala cha Queens. M'mamawa kusanache bwino ndinapita ndi tiyi m'fulasiki, ndipo ndikudutsa kumene odikirira odwala amaphikira ndinamva, "Bambo, mwadzuka bwanji?" Anali mayi aja, atagwada pa mbaula, akutakasa phala, maso ofiira ndi utsi. Ndinafunsa kuti adwala ndani kunyumba.

"Si wa kunyumba ayi, bambo. Ndi agogo aja amakhala pa benchi yam'mbuyo. Ana awo onse ali kutali. Ndiye ndinati asagone okha."

Unali usiku wawo wachisanu ndi chinayi. Ankagona pa chitenje pansi, kuwasambitsa agogowo, kuwatembenuza, kuchapa zofunda, ndipo masiku onsewo lichero lawo la zitumbuwa linali lovundikira kunyumba. Ufa wa phalawo unali wawo. Ndinaima pomwepo ndi fulasiki yanga, pakamwa pouma. Ndinawerengera mumtima phindu la zitumbuwa la masiku asanu ndi anayi, ndipo linaposa puleji yawo ya chaka chonse.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuona zina zomwe buku langa lilibe mzere wake. Amayi a bulauzi yoyera ndi siketi yakuda amene amachezera pa maliro usiku wonse akuimba, m'mawa n'kupita kukatunga madzi ophikira. Anyamata amene amasiya maganyu kukathandiza kunyamula bokosi. Mphunzitsi wa Sande Sukulu amene wakhala zaka khumi ndi ana makumi asanu pansi pa mtengo wa mango, osalandira ngakhale tambala. Kalipentala amene anakhoma mabenchi athu masiku a Loweruka anayi n'kukana malipiro. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu a m'makomboni anafika pa tchalitchi ndi zidebe za ufa, mabulangete ndi zovala za ana awo, ena n'kutenga mabanja athunthu kukagona nawo m'zipinda ziwiri za lendi. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma ambiri mwa anthu amenewa ankapatsa anthu omwe sadzatha kuwabwezera.

Ndinapita kunyumba kwa mayi aja kukapepesa. Anandiyalira mphasa pakhonde, nandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anangoti, "Zatha, bambo. Inunso mumagwira ntchito ya Mulungu." M'komiti yotsatira ndinabweza mawu anga pamaso pa onse omwe anawamva.

Lamulungu lapitali anagogoda pa chitseko cha kachipinda kathu tili mkati mowerenga. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa K500 ziwiri zopindapinda, nkhope ya John Chilembwe ili mbuu ndi ufa wa zitumbuwa.

"Mundilembere ya Janyuwale ndi Febuluwale, bambo. Inayo ndibweretsa geni ikayenda. Pepani ndithamange, kuli odwala ku Zingwangwa."

Ndinalemba pa khadi lawo, ndipo pamene ndinkadzutsa mutu kuti ndiwapatse, anali atafika kale pa geti, ambulera ili m'khwapa.