Kamera ili pakhoma, koma kodi idzatithandiza?

Masiku ano makamera achitetezo tikuwaona m'mabanki, m'masitolo, m'zipatala ngakhalenso pa zipata za masukulu ndi matchalitchi. Komabe zimachitika kuti laputopu yabedwa m'laibulale kapena zokuzira mawu zasowa m'tchalitchi, anthu n'kuthamangira kukaona zimene kamera yajambula, koma osapeza chogwirika. Kawirikawiri vutoli limayambira pogula, pamene wogulitsa akutchula mawu achilendo ife n'kumangogwedeza mutu. Tiyeni tione ena mwa mawuwa.

CCTV ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti closed-circuit television. Zithunzi zake siziulutsidwa kwa aliyense ngati za pa wailesi yakanema, zimangofika kwa anthu ololedwa okha.

Makamerawa alipo a mitundu iwiri. Akale, otchedwa analogi, amatumiza zithunzi pa waya wa coaxial kupita ku bokosi lotchedwa DVR. Atsopano ndi a IP, amene amalumikizidwa pa netiweki ngati kompyuta, ndipo zithunzi zawo zimasungidwa mu NVR. Kamera yoyamba ya mtunduwu inatulutsidwa ndi kampani ya Axis ya ku Sweden mu 1996. Tikamva PoE, ndiye kuti waya umodzi ukunyamula zithunzi ndi magetsi omwe, koma wayayo asatalike kuposa mamita 100.

Mawu akuti resolution amanena za kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Kamera ya 1080p ili ndi timadontho pafupifupi 2 miliyoni, pomwe ya 4K ili ndi toposa 8 miliyoni. Timadontho tikachuluka, nkhope imazindikirika ngakhale munthu ali patali. Koma kamera yabwino ikakwezedwa pamwamba kwambiri, timangoona liwombo la wakubayo.

Usiku makamera ambiri amadalira infrared kapena kuti IR, kuwala kumene maso athu sakuona. Zithunzi zake zimakhala zakuda ndi zoyera, choncho tisayembekeze kudziwa mtundu wa malaya amene munthu anavala.

Apa ndi pamene ambiri timagwira njakata. Zithunzi zimasungidwa pa hard disk, ndipo ikadzaza makina amafufuta zakale n'kuikapo zatsopano. Izi ndizo amati overwrite. Tikazengereza kukanena kuti katundu wasowa, umboni ukhoza kufufutika tisanauone. Njira ya motion detection imathandiza, chifukwa makina amangosunga zithunzi pamene china chake chayenda, motero malo sadzaza msanga.

Nanga magetsi akazima? Popanda UPS, kabokosi ka batire kamene kamapatsa makina mphamvu kwa kanthawi, zonse zimaima, ndipotu mdima ndiwo akuba amaukonda. Tisaiwalenso kusintha pasiwedi imene makina anabwera nayo, chifukwa ikasiyidwa choncho, mlendo akhoza kumationera pa intaneti. Tsiku ndi nthawi ya makina zikhale zolondola, apo ayi umboni wathu udzakayikitsa kupolisi.

Kamera imayenera kuteteza anthu, osati kuwachotsera ulemu. Siyenera kuikidwa m'bafa, m'chimbudzi kapena m'chipinda chogona.

Choncho komiti ya mpingo kapena ya ophunzira isanatulutse ndalama, ifunse mafunso atatu awa. Kodi nkhope ya munthu wolowa pakhomo idzaoneka usana ndi usiku? Zithunzi zidzasungidwa masiku angati? Nanga magetsi akazima, makinawa adzagwirabe ntchito kwa maola angati? Wogulitsa akalephera kuyankha momveka, tisafulumire kugula.